NKHOSWE NDI MFUMU: M'MENE NKHONDO YA KU MOZAMBIQUE INATHERA

Pa 4 Okutobala caka ciri conse anzathu a ku Mozambique amapumula pa nchito zao. Amakumbukira tsiku la m'caka ca 1992 pamene Pulezidenti Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama, mtsogoleri wa gulu la Renamo, anasaina pangano la mtendere mu mzinda wa Rome ku Italy, nathetsa nkhondo imene inatenga zaka 16. Amene anaima pakati pa mbali ziwirizo kufikira tsikulo anali anthu anai: phungu wa nyumba ya malamulo woimira boma la Italy, bishopu wamkulu wa ku Beira, wansembe wa mu Rome, ndi mphunzitsi wa mbiri yakale. Atatu mwa anaiwo analibe msilikari ngakhale mmodzi, analibe udindo m'boma liri lonse, ndiponso analibe mphamvu yolamula munthu.

Ena pokamba nkhani iyi amati a mipingo ndiwo anathetsa nkhondo pamene maboma analephera. Enanso amati a mipingo anangopereka nyumba ndi mipando, koma nchito yeni-yeni inagwiridwa ndi mapulezidenti ndi akazembe. Onsewa akamba mbali imodzi cabe ya zimene zinacitika. Kumudzi tidziwa kuti banja likasokonezeka, oyamba kuyenda ndi ankhoswe, amene amamva za uku ndi za uko mosaonetsera. Koma mlandu ukakula kufika pa kugawa munda kapena kulipitsa mbuzi, umafuna mfumu pa bwalo, popeza mau a mfumu ndiwo ali ndi mphamvu yosungitsa cigamulo. Nkhoswe singalipitse munthu, ndipo mfumu simamva zimene munthu amanong'oneza kuseri kwa nkhokwe. M'danga lino sabata ino tifuna tione m'mene ankhoswe ndi mafumu a maiko anagawirana nchito ku Mozambique, ndi zimene zinatsala osagwiridwa.

NKHONDO IMENE INAFIKA PA KHOMO PATHU

Dziko la Mozambique linalandira ufulu wodzilamulira pa 25 Juni 1975, potsatira pangano limene cipani ca Frelimo ndi boma la Portugal anasaina mu Lusaka pa 7 Seputembala 1974. Cimwemwe sicinakhalitse. Boma la azungu la ku Rhodesia, pokwiya kuti a Samora Machel anali kuthandiza omenyera ufulu a ku Zimbabwe, linathandiza kukhazikitsa gulu la Renamo nalipatsa zida. Zimbabwe atalandira ufulu m'caka ca 1980, boma la tsankho la ku South Africa ndilo linatenga gululo m'manja mwake. Komabe si zida za kunja zokha zimene zinakulitsa nkhondoyo. Alimi ambiri anali ndi madandaulo ao: boma la Frelimo linacotsa mphamvu kwa mafumu, linasamutsira anthu m'midzi yatsopano ya pamodzi kutali ndi minda ndi manda a makolo ao, ndiponso linalanda masukulu ndi zipatala za mishoni. Renamo inapeza anthu oitsata pakati pa okhumudwawo, ndipo ena ambiri, ngakhale ana, inawagwira mokakamiza.

Akuti anthu pafupi-fupi 1 miliyoni anafa ndi nkhondoyo pamodzi ndi njala imene inabwera nayo. Anthu okwana 1.7 miliyoni anathawira m'maiko oyandikana, ndipo oposa 1 miliyoni mwa iwowa anali ku Malawi. Awerengi a ku cigawo ca Kum'mawa safuna kuuzidwa zambiri. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 zigawenga zinali kudumpha malire ndi kuukira midzi ya ku Chadiza, Katete ndi Petauke, kupha anthu ndi kutenga ng'ombe ndi katundu. Ku Ukwimi m'boma la Petauke kunakhazikitsidwa malo osungirako othawa nkhondo zikwi zambiri, ndipo ambiri a iwo anali abale athu a cilankhulo cimodzi ocokera ku Tete.

PAMENE MABOMA ANAYESA OKHA

Pa 16 Malichi 1984 a Machel ndi a P. W. Botha, nduna yaikulu ya South Africa, anasaina pangano m'mbali mwa mtsinje wa Nkomati. Mozambique analonjeza kuleka kupatsa malo asilikari a cipani ca ANC, ndipo South Africa analonjeza kuleka kuthandiza Renamo. Mwambo unali waukulu, wokhala ndi mbendera, akazembe ndi ojambula zithunzi. Koma m'caka ca 1985, asilikari a Mozambique ndi a Zimbabwe atalanda likulu la Renamo ku Gorongosa, anapeza mabuku osonyeza kuti asilikari a South Africa anapitiriza kutumiza zida mwakabisira. Nkhondo inakula kuposa kale.

Pangano la Nkomati linali ndi zilema ziwiri. Coyamba, panalibe munthu wapakati woyang'anira ngati malonjezo ali kusungidwa. Caciwiri, linali pangano la maboma awiri lonena za anthu amene sanakhale nao pa mphasa. Kwa boma la Frelimo, a Renamo anali acifwamba a zida cabe, osayenera kukamba nao. Apa ndipo pali bvuto limene boma liri lonse limakumana nalo pa nkhondo ya pa ciweniweni. Nduna ikangokhala pansi ndi woukira, ndiye kuti yabvomereza kuti woukirayo ndi munthu woyenera kumumvera, ndipo asilikari amene ataya anzao m'thengo amafunsa kuti anafera ciani. Cotero boma limaopa kuyamba, ngakhale litaona kuti nkhondo siingapambanidwe ndi mfuti.

A Machel anafa pa ngozi ya ndeke ku Mbuzini pa 19 Okutobala 1986, pobwerera kucokera ku msonkhano wa atsogoleri ku Mbala kuno kwathu. A Chissano, amene analowa m'malo mwao, anapeza dziko losweka, ndipo thandizo la Soviet Union linali kucepa caka ndi caka.

ANKHOSWE AYAMBA ULENDO

Zimene boma silikanatha kucita poyera, a mipingo anatha kucita, cifukwa bishopu akaceza ndi woukira palibe amene anganene kuti dziko lagonja. M'caka ca 1984 bungwe la mipingo ya Ciprotestanti, lochedwa Christian Council of Mozambique, linakhazikitsa kabungwe koona za mtendere ndi ciyanjano. Mabishopu a Katolika naonso analemba makalata owerengedwa m'machalichi opempha mbali zonse ziwiri kuti zikambirane. Poyamba akulu-akulu ena a boma anawatenga ngati ogwirizana ndi adani. Koma a mipingo anali ndi cinthu cimene nduna za ku Maputo zinalibe: anali ndi akhristu m'madera olamulidwa ndi boma ndi m'madera olamulidwa ndi Renamo momwe, ndipo maliro a mbali zonse ziwiri anali kuikidwa ndi iwo.

M'caka ca 1988 Bishopu Wamkulu Jaime Gonçalves wa ku Beira anapita mwakacetecete ku Gorongosa kukaonana ndi a Dhlakama. Onse awiri anali ana a cigawo ca Sofala. M'caka ca 1989, ndi cilolezo ca a Chissano, atsogoleri a mipingo anakumana ndi a Renamo ku Nairobi. Pakati pao panali Kadinala Alexandre dos Santos wa ku Maputo, a Gonçalves, ndi Bishopu Dinis Sengulane wa mpingo wa Angilikani. Anatenga mfundo 12 za boma kukapereka kwa a Renamo, nabwera ndi mfundo 16 za Renamo. 

Pamenepo mphamvu ya mabishopu inafika pa malire ake. Kunyamula uthenga anatha, koma kukhazika adani pa tebulo limodzi kunafuna anthu ena. Mapulezidenti awiri, a Daniel arap Moi a ku Kenya ndi a Robert Mugabe a ku Zimbabwe, anapemphedwa kukhala apakati. Naonso anakanika, pa cifukwa cimene munthu ali yense wa kumudzi angacimve msanga: a Renamo sanakhulupirire a Mugabe, amene asilikari ao anali kumenya nkhondo ku mbali ya Frelimo, ndipo a boma anaona kuti Kenya ali kukondera Renamo. Msonkhano umene unakonzedwa ku Blantyre m'mwezi wa Juni 1990 unapasuka mbali ziwirizo zisanakhale n'komwe pansi pamodzi.

MIYEZI 27 KU ROME

Tsono nkhani inasamukira ku Italy, ndipo njira yake inali yakale. Ku Rome kuli gulu la akhristu wamba a Katolika lochedwa Sant'Egidio, limene linayambitsidwa ndi a Andrea Riccardi m'caka ca 1968 kuti lithandize osauka a mu mzindawo. Gululi linapalana ubwenzi ndi a Gonçalves m'zaka za m'ma 1970. Pamene mpingo unali pa mabvuto ndi boma la Frelimo, a Sant'Egidio anakonza zoti bishopuyo aonane ndi a Enrico Berlinguer, mtsogoleri wa cipani ca Cikomyunizimu ku Italy, amene a Frelimo anali kumumvera ngati bwenzi. Pa nthawi ya njala m'zaka za m'ma 1980 anatumiza cakudya ndi mankhwala ku Mozambique. Anakambanso ndi a Renamo pofuna kumasula amishoni amene anagwidwa. Cotero pofika 1990 mbali zonse ziwiri zinali kuwadziwa, ndipo panalibe mbali imene inawaganizira kuti afuna munda, mgodi kapena mpando.

Pa 8 Julayi 1990 nthumwi za boma, zotsogozedwa ndi a Armando Guebuza, ndi nthumwi za Renamo, zotsogozedwa ndi a Raul Domingos, zinakumana maso ndi maso m'nyumba yakale ya masisitere imene iri likulu la Sant'Egidio. Apakati anali a Riccardi, Bambo Matteo Zuppi, Bishopu Gonçalves ndi a Mario Raffaelli oimira boma la Italy. Cipatso ca msonkhano woyambawo cinali cacing'ono pa maso: mbali ziwirizo zinabvomerezana pa pepala kuti onse ndi ana a dziko limodzi. Koma kwa anthu amene kwa zaka zambiri anali kuchulana acifwamba ndi akapolo a Akomyunizimu, mau amenewo anali olemera.

Kukambirana kunatenga miyezi 27, m'magawo 11. Nthawi zina nthumwi zinali kukhala masabata osaonana, apakati ndiwo ali kuyenda kucoka ku hotela iyi kupita ku hotela iyo ndi mapepala. A Renamo anali anthu a m'thengo osazolowera za malamulo, ndipo anaopa kuti adzanyengedwa ndi ophunzira a ku Maputo. Cifukwa cace anali kukana ngakhale mau ang'ono-ang'ono kufikira atawamvetsa. Kazembe wa boma lalikulu, amene ali ndi nchito zina zambiri ndi nduna yomufunsa zotsatira, sakanapirira motero. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha ndico cuma cimene a Sant'Egidio anali naco. Komabe tisaiwale mtengo wake. Miyezi yonseyo anthu anali kufa, ndipo ku Mozambique ambiri anadandaula kuti nthumwi ziri kudya bwino ku Rome pamene midzi iri kupsa. Mipingo inasonkhanitsa makalata ndi maina a anthu zikwi-zikwi opempha kuti nkhondo ithe msanga, ndipo apakati anawaika pamaso pa nthumwizo.

MPHAMVU YA MFUMU

Wina asaganize kuti maboma anali pambali. Boma la Italy ndilo linalipira maulendo ndi malo ogona a nthumwi. M'mwezi wa Novembala 1990 boma la a Chissano linasintha malamulo oyendetsera dziko nalola zipani zambiri, ndipo potero linacotsa cifukwa cacikulu cimene Renamo inali kunena kuti imenyera. Pa 1 Disembala 1990 anapangana kuti asilikari a Zimbabwe akhale m'mbali mwa njira za Beira ndi Limpopo zokha, ndipo kabungwe ka maiko asanu ndi atatu, kuphatikizapo Zambia, kanaikidwa kuti kayang'anire. Pamene nkhani inafika pa za asilikari m'caka ca 1992, panafunika akatswiri odziwa m'mene magulu awiri a nkhondo amasonkhanitsidwira ndi kulandidwa zida. Wansembe sadziwa zimenezo. Ndipo maiko a America, Britain, France ndi Portugal, pamodzi ndi bungwe la United Nations, analowa m'zokambiranazo ngati openyerera.

Cilala coopsa ca 1991 ndi 1992, cimene ifenso ticikumbukira, cinafulumizitsa zinthu, pakuti asilikari a mbali zonse anasowa cakudya colanda. A Mugabe, amene kale anakanidwa, anaonana ndi a Dhlakama ku Botswana m'mwezi wa Julayi 1992. Ngakhale munthu wa malonda, a Tiny Rowland a kampani ya Lonrho, anathandiza ponyamula a Dhlakama pa ndeke yao. M'mwezi wa Ogasiti a Chissano ndi a Dhlakama anaonana kwa nthawi yoyamba ku Rome, ndipo pa 4 Okutobala anasaina, a Mugabe ndi Pulezidenti Quett Masire wa ku Botswana ali mboni.

Kusaina kunali ciyambi cabe. M'mwezi wa Disembala 1992 bungwe la United Nations linabvomereza kutumiza asilikari oposa 6,000, ndipo gulu limodzi la asilikariwo linacokera kuno ku Zambia. Mtsogoleri wa nchitoyo anali a Aldo Ajello. Asilikari a mbali ziwiri pafupi-fupi 90,000 anatula zida napatsidwa ndalama za miyezi yambiri kuti akayambe moyo wa kumudzi. Maiko anasonkha ndalama zothandiza Renamo kusanduka cipani ca ndale. Masankho anacedwetsedwa ndi caka cathunthu kuti asilikari ayambe abalalika. Ndipo pamene a Dhlakama analengeza, kutatsala maola ocepa kuti anthu ayambe kuponya mavoti pa 27 Okutobala 1994, kuti acoka m'masankho, amene anawabweza anali akazembe ndi mapulezidenti a maiko oyandikana, anthu okhala ndi mphamvu yolonjeza ndi yoopseza. A Chissano anapambana ndi mavoti 53 pa 100 ali onse. Frelimo inatenga mipando 129 ndipo Renamo 112 mwa mipando 250.

Kuti tione kulemera kwa zimenezi, tiyang'ane ku Angola. Kumeneko pangano la Bicesse la 1991 linakonzedwa ndi maboma a Portugal, America ndi Soviet Union. Masankho anacitika m'caka ca 1992 magulu a nkhondo asanaphwasulidwe, ndipo a Jonas Savimbi atakana zotsatira nkhondo inabuka koposa kale. Pangano lina linasainidwa mu Lusaka pa 20 Novembala 1994, koma nalonso linagwa, ndipo mfuti zinaleka kulira m'caka ca 2002 a Savimbi ataphedwa. Zifukwa zinali zambiri, maka-maka mafuta ndi miyala ya dayamondi zimene zinapatsa mbali zonse ndalama zogulira zida. Koma n'zoonanso kuti pa mapangano awiriwo mipingo ndi anthu wamba a ku Angola analibe mpando, ndipo panalibe nkhoswe yokhulupiridwa ndi onse.

ZIMENE PEPALA SILIKANATHA KUCITA

Pangano la ku Rome linanena za zipani, masankho ndi asilikari. Silinanene za mai amene adzatunga madzi pa citsime cimodzi ndi mnyamata amene anatentha nyumba yake. Nyumba ya malamulo inakhululukira milandu yonse ya nkhondo m'mwezi womwewo wa Okutobala 1992, ndipo sikunakhale bwalo lofufuza coonadi monga linakhalira ku South Africa pambuyo pake. Othawa kwao anabwerera, a ku Ukwimi pamodzi nao, napeza minda yao itamera thengo kapena italimidwa ndi ena.

Nchito yolumikiza anthuwa inagwera mafumu, akulu a mabanja, asing'anga ndi mipingo. M'madera ambiri mnyamata wocokera ku nkhondo sanali kuloledwa kulowa m'nyumba msanga. Zobvala zake za ku nkhondo zinali kutenthedwa, iye nasambitsidwa ndi mankhwala kapena mu mtsinje, ndipo akulu anali kuuza mizimu ya makolo kuti mwana wabwera. Anthu anakhulupirira kuti wokhetsa mwazi amabwera ndi mizimu ya ophedwa, imene ingadwalitse banja lonse. Kaya munthu akhulupirira zimenezi kaya sakhulupirira, mwambowo unagwira nchito yooneka: mudzi wonse unaona kuti munthuyu wasiyana ndi moyo wa m'thengo, ndipo iye mwini anadziwa kuti walandiridwa. M'machalichi namonso munali mapemphero a kulapa ndi kulandirana.

Panalinso mfuti zambiri zimene sizinaperekedwe kwa a United Nations, zokwiriridwa m'minda ndi m'mapanga. Munthu anaopa kupita nazo ku polisi. M'caka ca 1995 bungwe la mipingo lija, motsogozedwa ndi Bishopu Sengulane, linayambitsa nchito yosinthanitsa zida ndi zipangizo, potengera mau a m'buku la mneneri Yesaya. Wobweretsa mfuti sanali kufunsidwa dzina kapena mbali imene anamenyera. Anali kulandira khasu, njinga, makina osokera, malata kapena simenti, ndipo mfutiyo inali kudulidwa. Amisiri a ku Maputo anaumba zinthu ndi zidutswazo, ndipo mpando wina wopangidwa ndi mfuti zokha-zokha unagulidwa ndi British Museum ku London. Apanso boma ndi mpingo anafunana: popanda cilolezo ca boma, mbusa wonyamula mfuti pa galimoto akanamangidwa, popanda mbusa, mfutizo zikanakhalabe pansi.

MLANDU SUOLA

Tingalakwe tikasiya nkhani pamenepa ngati kuti zonse zinatha bwino. Ku Rome kunakhala mbali ziwiri zokha za mfuti. Alimi, amai, othawa kwao ndi zipani zopanda zida sanafunsidwe za m'mene dziko lidzagawidwira. Wopambana masankho ndiye anali kusankha abwanamkubwa a zigawo zonse, ngakhale zigawo za pakati kumene Renamo inapeza mavoti ambiri. A Dhlakama anasunga gulu la asilikari owalonda, ndipo ankhondo ao akale anadandaula kuti aiwalidwa. Nkhondo itatha, maiko a kunja anatembenukira ku mabvuto ena, ndipo ankhoswe anabwerera ku nchito zao.

M'caka ca 2013 mfuti zinaliranso ku Sofala. Pangano la pa 5 Seputembala 2014, limene Bishopu Sengulane anali mmodzi wa olithandizira, silinakhalitse, ndipo m'zaka za 2015 ndi 2016 anthu a ku Tete anathawiranso ku Malawi. Apakati ambiri ocokera kunja anayesa m'caka ca 2016 osaphula kanthu, kufikira Pulezidenti Filipe Nyusi ndi a Dhlakama anayamba kukambirana okha pa lamya, ndipo m'caka ca 2017 a Nyusi anapita okha ku Gorongosa. A Dhlakama anamwalira pa 3 Meyi 2018. M'caka comweco malamulo anasinthidwa kuti abwanamkubwa a zigawo azicokera m'masankho. Pa 6 Ogasiti 2019 a Nyusi ndi a Ossufo Momade anasaina pangano lina ku Maputo, mothandizidwa ndi kazembe wa Switzerland, a Mirko Manzoni, ndipo msasa wotsiriza wa Renamo unatsekedwa m'mwezi wa Juni 2023. Nkhani ya kugawana mphamvu imene inalumphidwa m'caka ca 1992 inadikira zaka zoposa 25, ndipo inatenganso miyoyo isanakonzedwe.

PHUNZIRO KWA IFE

Ife a m'Zambia tinaonako pang'ono za mtundu umenewu. M'mwezi wa Julayi 1991, pamene cipani ca UNIP ndi ca MMD zinasemphana pa za malamulo atsopano oyendetsera dziko, atsogoleri a mipingo ndiwo anaitana a Kenneth Kaunda ndi a Frederick Chiluba ku chalichi cacikulu ca Angilikani ca Holy Cross mu Lusaka. Koma zimene anagwirizana zinakhala ndi mphamvu pokha-pokha nyumba ya malamulo itazisandutsa lamulo, ndipo masankho a pa 31 Okutobala 1991 anacitika mwa mtendere.

Mikangano imene imagawa midzi yathu ndi yaing'ono poyerekeza ndi nkhondo, koma imayenda njira yomweyo. Pali ya malire a minda, ya ufumu pamene mbumba ziwiri zilimbirana mpando, ya ng'ombe zodya mbeu za eni, ndi ya zipani pa nthawi ya masankho. Kawiri-kawiri timathamangira ku khoti kapena kwa bwana wa boma, ndipo cigamulo cimabwera ndi cidindo. Koma oluza amabwerera kumudzi ndi mkwiyo wao wonse, naleka kupita ku maliro a anzao. Nthawi zinanso akulu a mpingo amayanjanitsa anthu, onse nagwirana canza, koma popeza palibe colembedwa kwa mfumu kapena ku khonsolo, ana ao amadzayambanso mkangano womwewo pa munda womwewo.

Nkhani ya Mozambique itipatsa mafunso anai oyenera kufunsa mkangano uli wonse usanakule. Kodi ndani amene mbali zonse ziwiri zingamuuze zakukhosi, wosafuna kanthu pa mlanduwo? Kodi ndani ali ndi mphamvu yolemba cigamulo ndi kuona kuti casungidwa? Kodi ndani amene mlanduwo umukhudza koma sanaitanidwe pa bwalo, monga amai amasiye, acinyamata ndi obwera? Ndipo bwalo likabalalika, ndani adzapitiriza kuyendera mabanja awiriwo caka cino ndi caka ca mawa? A Gonçalves ndi anzao anayankha funso loyamba, maboma ndi United Nations anayankha laciwiri, koma lacitatu ndi lacinai anawasiya pa theka, ndipo anthu a ku Sofala ndi Tete ndiwo analipira. Amfumu, abusa, aphunzitsi ndi makhansala amene awerenga danga lino angacite bwino kukhala pansi pamodzi nyengo ino ya cilimwe, mvula isanagwe ndi makasu asanafike pa malire a minda, ndi kupangana kuti pa mikangano ya m'dera lao ndani adzagwira nchito iti.